Nsomba Yaiwisi ya a Zuze

Ulendo wanga wa ku Lilongwe unalemera chifukwa cha mawu amodzi amene agogo anamva pafoni.

Ine ndinakulira m'manja mwa agogo, amayi awo a amayi anga, pafupi ndi Livunzu kwa Makhuwira. Bambo anga anamwalira ndili wakhanda, amayi n'kuwatsatira ndisanayambe sukulu. Bambo anali Msena wa ku Nsanje amene anabwera kudzalima mpunga n'kukwatira kwathu. Anamwalira dzinja lili pakati, mitsinje itasefukira, ndipo abale awo pofika anapeza maliro ataikidwa kale. Anabwerera okwiya ndipo sanapondenso pakhomo pathu. Nkhaniyi ndinkaimva m'zidutswazidutswa agogo akamacheza ndi anzawo. Sindinkafunsa.

Chaka chino Alufeyo, mnyamata wa ku Bangula, anandifunsira banja. Akwawo atabwera kudzaonekera, mkulu wawo anafunsa funso limodzi lokha.

"Malowolo tipereka kwa yani? Kwathu chuma amalandira ndi akuchimuna."

"Ndamulera ndine," anatero agogo.

"Sitikukana, mayi. Koma mwana ali ndi kwawo kwa bambo ake. Pakapanda munthu wa kumeneko, ife tidikira."

Anamwa thobwa lawo, n'kutsazika mwaulemu.

Wa kwa bambo amene anatsala anali mmodzi, mng'ono wawo, a Zuze, amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Alufeyo anavutika mpaka anapeza nambala yawo. Nditaimba, agogo anandiuza kuti ndikweze mawu a foni kuti nawonso amve, koma iwo eni sanatsegule pakamwa. Ndinadzitchula dzina n'kupempha kuti tionane. A Zuze anati, "Bwera Loweruka masana, ndi tsiku lokhalo limene ndili ndi mpata. Tikakumane pamalo ena amene ndimakonda kudyapo. Ndikakudyetsa nsomba yaiwisi."

Foni itaduka, agogo anafwenkha fodya wawo n'kupukusa mutu.

"Wamva? Zaka zonsezi ali m'tauni, mtima ukulirabe yaiwisi. Za kumeneko ndi za m'firiji, zafa kalekale."

Kwathu nsomba ili mitundu iwiri, yowamba ndi yaiwisi. Yaiwisi ndi imene yangovuulidwa kumene, isanaone utsi kapena dzuwa. Palibe mwa ife amene anaganiza kuti mawuwa angatanthauze china. Lachisanu m'mawa ndinapeza pakhomo ndowa yabuluu, chivindikiro chake chitabooledwa ndi msomali wamoto. M'katimo munali milamba iwiri yamoyo, yakuda, yonenepa, imene agogo anapempha kwa msodzi wina wa kudambo.

"Agogo, ndikafike nayo ku Lilongwe imeneyi?"

"Mlamba sufa msanga. Ndi iwe amene ungafe, ndi ulesi wakowo."

"Nanga mawu oti ndikawauze?"

"Pakamwa uli napo. Nyamula."

Kuchokera kwathu kukafika pa Thabwa ndinakwera njinga yamoto. Wakabaza anamanga ndowa kumbuyo ndi mphira, ine n'kukhala pakati, msana utagunda chivindikiro. Msewu wa kutsidya kwathu ndi wa miyala ndi mchenga, ndipo mitsinje ina timawoloka pansi chifukwa milatho inapita ndi madzi. Njinga ikagwera m'dzenje, madzi ankatulukira m'timabowo tija n'kunditsikira m'chiuno. Tisanafike ku Mapelera chitenje changa chinali chitanyowa mpaka m'miyendo. Pamtsinje wina wakabaza anati nditsike kuti iye akankhe. Ndinapezerapo mwayi wothiramo madzi ena ndi chikhato. Milamba inagwedeza ndevu zake. Inali bwino kuposa ine.

Pa Thabwa ndinadikira nthawi yaitali. Maminibasi ochokera ku Nchalo ankafika odzaza kale, kondakitala atapachikika pakhomo ngati nyani. Imene inaima inali yakale, galasi lakutsogolo litang'aluka. Kondakitala wake, mwamuna wamfupi wa jekete lachikasu, anayang'ana ndowa asanayang'ane ine.

"Muli chiyani umu, achemwali?"

"Nsomba."

"Zowamba?"

"Zamoyo."

Anatsegula, n'kuseka mpaka kuwerama. "Adalaivala, tili ndi mapasenjala awiri opanda nsapato! Awa alipira mpando wawo, achemwali."

Ndinati ndiinyamula pamiyendo. Anati ikhale pamiyendo koma ikanyowetsa munthu, mlandu ndi wanga. Ndinapanikizika pakati pa thumba la mpunga ndi mayi wina wonenepa wochita geni ya zitenje, amene anandiuza ndisanafunse kuti ndi mai a Chifundo ndipo amakhala ku Chilobwe.

Tinayamba kukwera phiri. Msewu wa pamenepo umapindika ngati njoka, ndipo minibasi inkalira giya imodzi yokhayokha. Chigwa chinatsalira m'munsi, Shire akung'anima patali. Titadutsa makona angapo ndinamva fungo la chinthu chopserera. Utsi woyera unatuluka pansi pa mpando wa dalaivala, galimoto n'kuima. Kondakitala analumpha kukaika mwala kuseri kwa tayala.

Injini inali itawira. Tinatsika tonse n'kukhala m'mbali mwa msewu. Dalaivala anathiramo kachigubu kamadzi kamene anali nako, injini n'kumeza konse ngati sinamwe kanthu. Anthu anapereka timabotolo tawo ta madzi akumwa. Sizinakwane. Pamenepo panalibe nyumba kapena mjigo, miyala ndi mitengo yothothoka masamba basi. Magalimoto ena ankadutsa akuliza hutala. Tinakhala, dzuwa n'kupendeka. Ine ndinakokera ndowa pamthunzi wa thanthwe, ndikuyesa kuti anthu aiiwale.

Amene anaikumbukira anali kondakitala.

"Achemwali, madzi si awo muli nawo?"

"Ndi a nsomba."

"Nsomba ndi anthu, chofunika n'chiti? Muli odwala muno, akupita kuchipatala."

Zinali zoona. Panali bambo wina wachikulire amene anagona pachitenje, mkazi wake akumukupiza ndi katoni. Anthu onse anatembenukira kwa ine. Wina anati mlamba umakhala m'matope chilimwe chonse osafa. Wina anati ndingoiwotcha pomwepo tidye, ulendo upepuke. Mai a Chifundo okha ndi amene anati, "Musiyeni mwana, simukudziwa kumene akupita nazo." Koma nawonso anayang'ana bambo wodwala uja, kenaka ine.

Ndinapendeketsa ndowa ndekha, dzanja litatchinga pakamwa pake kuti nsomba zisatuluke. Kondakitala anasefa madziwo ndi mpango wake. Ndinasiya ongokwanira kuphimba misana yawo. Injini inalira, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo wina anafuula kuti lero tikuyenda ndi msuzi wa mlamba. Mpaka ku Blantyre dzina langa linali Anamlamba.

Tinafika madzulo, mabasi odalirika a ku Lilongwe atapita. Ndinaima pa depoti ndowa ili pamapazi, osadziwa kolowera. Maganizo anga anali oti ndikagone pa benchi. Mai a Chifundo anandigwira pamkono.

"Mwana wamkazi sagona pa depoti. Tiye kwathu, mphasa ilipo."

Kwawo anandipatsa madzi osamba ndi chakudya, osandifunsa zambiri. Ine ndinangoti ndikupita kwa bambo aang'ono amene sindinawaonepo. Ndisanagone ndinachita chimene ndinkaganiza kuti n'chanzeru: ndinataya madzi amatope aja n'kudzaza ndowa ndi madzi oyera a pampopi. Sindinaganize za mankhwala amene amathira m'madzi a m'tauni. Kutacha ndinapeza mlamba umodzi utayandama chagada, mimba yoyera ili kumwamba. Winawo unali pansi, ukupuma pang'onopang'ono.

Ndinakhala pansi pambali pa ndowa. Sindinalire. Ndinangotopa ndisanayambe n'komwe tsikulo.

"Iii, ukanandifunsa," anatero mai a Chifundo. "A pampopi amapha ndi mbewu zomwe." Anapita kwa aneba awo amene ali ndi chitsime n'kubwera ndi madzi ena. Wakufawo ndinawasiyira. Anakana kawiri, kachitatu n'kulandira, akuti ana awo sanadyepo mlamba wa ku Shire weniweni.

Ku depoti ya Wenela ndinapeza basi imene oitanira ankalumbira kuti ikunyamuka pompano. Injini inali ikulira, dalaivala ali pampando, m'mawindo mukuoneka mitu ya anthu. Nditalipira n'kukhala, ena mwa anthu aja anayamba kutsika mmodzimmodzi. Anali ongodzazitsa mipando kuti ife tikopeke. Dalaivala nayenso anatsika kukamwa tiyi. Ndowa anafuna kuiika kunsi pamodzi ndi katundu, pafupi ndi injini. Ndinakana. Sindine munthu wokangana, koma ndinaimirira pakhomo osasuntha mpaka wolemba matikiti anatopa nane. Ndinaiika pakati pa miyendo yanga, mawondo atagunda mpando wakutsogolo, ndipo umo ndi mmene ndinakhalira ulendo wonse.

Analowa wogulitsa mankhwala a mano, n'kutuluka. Analowa mlaliki, anatipempherera kuti tiyende bwino, ife tili pomwepo. Analowa wogulitsa machaja. Dzuwa linakwera. Foni inalira: a Zuze.

"Uli pati?"

"Tikunyamuka, bambo."

"Kunyamuka kuti?"

"Ku Blantyre."

Ndinawamva akupuma mwamphamvu. "Chabwino. Uzindiuza."

Mawu oti "bambo" anatuluka movuta m'kamwa mwanga. Sindinaitanepo munthu choncho kupatula abusa ndi anthu a mumsewu.

Pambali panga panakhala bambo wina woonda wa chipewa chaubweya, mmisiri wa matabwa wobwerera kwawo ku Dedza. Atamva kukupiza m'ndowa anasuzumira.

"Wa kuchigwa inu eti? Mumadya zoterezi?"

"Timadya."

"Kwathu amati ilibe mamba, ndi njoka."

"Kwathu amati mbewa ndi khoswe," ndinatero, ndisanaganize. Anaseka kwambiri n'kundigawira chinangwa chake chophika.

Pa Zalewa tinatsika tonse pa chipata cha apolisi kuti aone katundu. Wapolisi wamkazi anakweza chivindikiro, mlamba n'kumenya mchira, madzi n'kumuthovukira pamalaya. Ndinaganiza kuti zanga zada. Iye anangodzipukuta n'kunena kuti, "Ameneyu chiphaso ali nacho?" Anzake anaseka, n'kutiuza kuti tikwere. Powoloka mlatho ndinayang'ana Shire m'munsi. Kumeneko ndi wopapatiza ndi waukali, wosiyana ndi wathu wotambalala. Ndinalakalaka kutsika kukatunga, koma basi siimira nsomba.

Titadutsa Ntcheu mphepo inayamba kulowera m'mawindo. Ine wa kuchigwa ndinali ndi kajuzi kamodzi. Ndinapisa chala m'ndowa, madzi ali zii. Mlamba sunkagwedezekanso. Ndinavula juzi n'kukulunga ndowa, mmisiri uja akundiyang'ana.

"Mukufunditsa nsomba, inu mukunjenjemera?"

"Ikafa, ndafika chimanjamanja."

"Kumene mukupitako ndi kwa apongozi?"

"Ayi. Ndi kwathu, koma sakundidziwa."



Tayala linaphulika titangopitirira pa Lizulu. Linalira ngati mfuti, basi n'kupepeluka, amayi n'kufuula dzina la Yesu. Dalaivala anaigwira bwino mpaka inaima. Tayala lapadera linalipo koma jeke inali yakufa, choncho tinadikira basi ina ya kampani yomweyo kuti itibwereke yake. Amayi ogulitsa kabichi ndi mbatata anatizungulira. Anthu anagula, anadya, anakangana ndi dalaivala, anatopa, n'kukhala chete. Ine ndinakhala pa mwala padzuwa, ndowa ili pambali. Masana amene a Zuze ananena anandipeza pamenepo. A Zuze anaimbanso.

"Ndakhala pano kuyambira kale. Ndili ndi zina madzulo ano."

"Pepani, bambo. Tayala."

"Mabasi amenewo! Bwanji sunakwere abwino?"

Foni inali itatsala pang'ono kuzima, ndipo ndinaopa kuti akanena kuti tikumane ulendo wina, sindidzapezanso mphamvu zoyambiranso. Anati adikira pang'ono, n'kunditumizira dzina la malowo kuti ndikaonetse wakabaza.

Za Dedza ndi Nathenje sindikumbuka zambiri. Ndinkasinza n'kudzidzimuka, mwendo utachita dzanzi. Tinalowa mu Lilongwe dzuwa litafiira. Ndinakweranso njinga yamoto, ndowa pamiyendo, mpaka pa nyumba ina ya mpanda wa nsungwi ndi nyali zofiira zapepala pakhomo.

Mlonda wa pageti anandiyang'ana kuyambira kumapazi: fumbi, chitenje chamadontho, ndowa yovala juzi.

"Ogulitsa amalowera kuseri, mayi."

"Ndabwera kwa a Zuze. Akundidikira m'katimo."

Anakayika, koma anakafunsa. Atabwerako anati ndilowe, ndowa itsale. Ndinamupempha kuti asaiike pamphepo. Anaiika m'kanyumba kake, pansi pa mpando.

M'katimo munali chete ngati m'tchalitchi mkati mwa sabata. Matebulo a matabwa osalala, kanyimbo kapansipansi, azungu angapo ndi anthu akwathu ovala bwino. Kuseri kwa galasi mnyamata wa chipewa choyera ankadula nsomba ndi mpeni wautali. A Zuze anaimirira pakona. Anali aatali, a imvi m'mbali, atavala malaya oyera. Chimene ndinayamba kuona ndi makutu. Ndi ang'onoang'ono, opindikira kutsogolo, ngati anga. Kwathu kulibe wina wa makutu otero, ndipo ndinakula ndikuyesa kuti ndi chilema changa ndekha.

Ndinagwada pang'ono powapatsa moni. Iwo anayang'ana uku ndi uku.

"Dzuka, dzuka, khala pampando. Tereza eti? Wafanana ndi achimwene."

Mtsikana woperekera zakudya anabweretsa tinsalu totentha tokulungidwa. Ndinadikira kuti ndione chimene a Zuze achite nako kawo. Anapukuta m'manja, inenso ndinapukuta. Kanga kanasanduka kofiira ndi fumbi, ndipo ndinakabisa pansi pa mbale.

Anaitanitsa okha, osandifunsa. Anati anazolowera zakudya za ku Japan pamene anapita kumeneko kukaphunzira za ulimi wothirira, ndipo mu Lilongwe monse ndi pano pokha pamene amazikonza bwino. Kunabwera thabwa laling'ono, pamwamba pake timibulu ta mpunga, kalikonse katafunda kachidutswa ka nsomba, kena kofiirira, kena kotuwa. Tina tinali tokulungidwa m'chinthu chakuda ngati tsamba.

"Iyi ndiye sushi. Nsomba yaiwisi imene ndinakuuza ija."

Ndinayang'anitsitsa. Sinali yokazinga, sinali yophika, sinali yowamba. Inali yaiwisi monga mmene nyama imakhalira pampeni. Pamenepo ndinamvetsa chimene ankatanthauza pafoni, ndipo ndinaganiza za ndowa ili pansi pa mpando wa mlonda, za phiri la Thabwa, za juzi langa. Ndinachita manyazi.

"Osaphika?" ndinafunsa.

"Osaphika. Yesa. Amadyera timitengo iti, koma ndi manja amalolanso."

Kwathu ngakhale galu timamuphikira mitu ya nsomba. Koma ndinabwera kudzapempha, ndipo wopempha sakana mbale. Ndinatola kamodzi ndi zala, ndinaviika mu msuzi wakuda wamchere monga anachitira iwo, n'kuika m'kamwa. Kanali kozizira, kofewa, kopanda fungo limene ndinkaopa. Mpunga unali wowawasa pang'ono. Ndinameza msanga. A Zuze ankandiyang'ana ngati mphunzitsi.

"Bwanji?"

"Ili bwino, bambo."

"Ukunama ngati achimwene. Dikira, kukubwera chotentha."

Chotenthacho anati ndi rameni: mbale yakuya ya msuzi, m'katimo zingwe zazitali ngati supageti woonda, dzira lodula pakati, nyama ya nkhumba yopyapyala ndi anyezi wamasamba. Timitengo tinandikanika. Zingwe zinkaterereka n'kugweranso mu msuzi, madontho n'kudumphira pa tebulo. Mtsikana uja anandibweretsera foloko mwakachetechete. Msuziwo unali wabwino. Unatsika m'mimba ngati moto wa m'mawa, ndipo kutopa konse kwa masiku awiri kunanditsikira m'maso. Ndinkaopa kuti ndigona pamaso pawo.

Agogo anandiphunzitsa kuti nkhani yaikulu sakambira m'mbale, ndiponso kuti mwana sayamba nkhani mkulu asanafunse. Ndiye ndinadya n'kumadikira. A Zuze anakamba za ntchito yawo, za ana awo awiri amene ali kusukulu kunja, za kukwera mtengo kwa mafuta. Kawiri anayang'ana wotchi. Mbale zitachotsedwa anatsamira mpando.

"Ndiye ukufuna ntchito? Kapena sukulu?"

"Ayi, bambo."

"Nanga?"

Ndinawauza. Ndinatchula Alufeyo, akwawo, ndi funso limene anafunsa. Ndinati sindikupempha kanthu kena koma kuti adzakhale pa mphasa tsiku limenelo, anthu adzaone kuti ndili ndi kwathu kwa bambo.

Anatembenuza kapu ya tiyi wobiriwira m'manja.

"Ukudziwa chimene agogo ako anawauza amayi anga?"

"Ayi."

"Tinayenda wapansi kuchokera pamene galimoto inalekera. Madzi m'chiuno. Amayi anali okalamba kale, ndinkawabereka powoloka. Tinkafuna kukatenga mwana wawo kuti akagone kwawo, pambali pa bambo ake. Tikufika, tikupeza mulu wa dothi. Amayi akufunsa kuti bwanji simunadikire, agogo ako akuti, 'Anayamba kununkha.' Pamaso pa anthu. Mayi wake ali pomwepo." Anaika kapu pansi. "Amayi anamwalira mawu amenewo ali m'khutu."

Ndinawadziwa mawuwo kuti ndi a agogo. Ndi mmene amalankhulira. Ndinadziwanso kutentha kwa kwathu m'dzinja, ndi chimene kumachita ndi thupi la munthu. Koma sindinabwere kudzaweruza mlandu wa anthu amene anakangana ine ndili kumsana.

"Akudziwa kuti uli kuno?" anafunsa.

"Ndiwo andituma."

"Akutuma ndi mawu anji?"

"Sanandipatse mawu. Anandipatsa ndowa."

"Ndowa?"

Tinatuluka. Mlonda anaikoka pansi pa mpando, ine n'kuchotsa juzi ndi chivindikiro. Mlamba unali pansi, osagwedezeka. Ndinayesa kuti wafa. A Zuze anawerama, anapinda mkono wa malaya oyera aja, n'kuugwira kuseri kwa mutu, zala zitapewa minga ya m'mbali, monga amagwirira munthu amene anakulira m'bwato. Unapindika mwamphamvu n'kuwamenya mchira padzanja.

"Agogo anamva mukunena za nsomba yaiwisi," ndinatero. "Anati mwalakalaka ya kwanu. Inali iwiri. Wina unafera ku Blantyre."

Anayamba kuseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Anaubwezera m'madzi n'kukhala chiweramire, madzi akudontha m'zala.

"Mai amene uja, agogo akowo," anatero. Kenaka analankhula Chisena, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, mawu ochepa apansipansi amene sanali a ine.

Ataweramuka anati, "Ndibwera. Koma ndisanakhale pa mphasa ya munthu aliyense, ndikufuna ndikaone manda a achimwene. Ndikasese, ndikaikepo mwala. Ndipo akandiperekeze ndi agogo akowo, osati wina."

Ndikanatha kungovomera. Akanabwera, tsiku likanakwana, zinazo zikanaoneka konko. Ndinaima pamenepo ndi juzi lonyowa m'manja, ndikudziwa kuti chimene ndinene chikhoza kubweza zonse.

"Bambo, manda aja kulibe."

"Kulibe bwanji?"

"Madzi osefukira a zaka zapitazi anadutsa pomwepo. Mtsinje unasintha njira. Manda onse a mudzi wathu wakale ali pansi pa mchenga. A amayi anganso."

Anandiyang'ana osaphethira. Galimoto ina inalowa pageti, mlonda n'kupita kukailozera poima. A Zuze anapukuta dzanja pa buluku lawo, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza.

"Palibe chimene chinatsala?"

"Mtengo umodzi wa mgwalangwa. Agogo amati akaima pamenepo amadziwa pamene pali aliyense."

"Iwe umapitako?"

"Ndimawaperekeza. Amakazula zitsamba pamchengapo."

"Pa achimwenenso?"

"Amayambira pamenepo."

Anatembenuka n'kuyang'ana kumsewu. Ndinadikira.

"Aimbire agogo akowo," anatero.

Foni yanga inali itazima, choncho ndinaimba pa yawo, ku nambala ya aneba athu. Tinadikira kuti akawaitane. Ndinamva agalu, ana, kenaka kupuma kwa agogo.

"Wafika? Wawapatsa?"

"Ndawapatsa, agogo. Ali pompano, akumva. Akuti abwera, koma mukawaonetse pamene pagona bambo. Inuyo."

Ndinayesa kuti foni yaduka. A Zuze anasendera pafupi, mutu utapendekera ku foni ili m'dzanja langa.

"Uwauze abwere ndi nsapato zoyendera," anatero agogo. "Ndi patali, ndipo ine masiku ano sindiyenda msanga. Adzandidikire."